Kadontho ka kyuteksi pa mfuti ya amalume

Mwana wanga wamkazi salira pagulu. Chinthu chikamupweteka mumtima amangoti zii, manja n'kuyamba kupinda chilichonse chimene chili pafupi, kaya ndi kansalu kaya ndi pepala. Loweruka limene ndikufuna kukusimbirani anapinda kanayi pepala la chandamale limene ankawombapo ndi mfuti ya mpweya, n'kulilowetsa m'thumba la siketi, ndipo anati, "Adadi, basi. Mwina si za atsikana izi."

Mawu amenewo sanawatole kumsewu ayi. Anachokera kwa ine. Sindinawanene choncho ndendende, koma kanthawi kochepa m'mbuyomo ndinali nditamuuza kuti, "Akanakhala achimwene ako bwenzi atamva kale." Mwana wa Fomu 2 si wakhanda, amadziwa kumasulira mawu.

Miyezi yadutsa, mvula yagwa n'kutha, koma tsiku limenelo lidakandikhalabe pachifuwa. Ndiye ndati ndilembe.

## Iyi si ya njiwa

Mfutiyi inali ya amalume, achimwene awo a mayi anga. Anagwira ntchito yosindikiza zikalata za boma kuno ku Zomba kuyambira likulu lisanasamukire ku Lilongwe mu 1975 mpaka anapuma, ndipo ntchitoyo inawalowa m'magazi. Kalendala ya pakhoma ikapendekeka pang'ono, nsima sinkatsika kukhosi mpaka adzuke akaiwongole. Anali amtali, khosi lalitali, mikono ngati mitengo ya bulugamu. Mfutiyo anaigula kwa mzungu wina amene ankaphunzitsa ku Chancellor College pamene ankabwerera kwawo.

Ife tinali ana a malegeni, ndipo titangoiona maganizo athu anathamangira kwa njiwa ndi apumbwa a m'mitengo ya mango. Amalume anatidula tsiku loyamba lomwelo. "Iyi si ya njiwa. Iyi ndi ya pepala." Ndipo m'manja mwawo sinaphepo kanthu.

Ndi Feinwerkbau 300S, yopangidwa ku Oberndorf am Neckar ku Germany, mfuti ya mpweya ya mpikisano yolowa tizipolopolo totchedwa mapeleti, ta mamilimita 4.5. Ndi yolemera, kuyandikira makilogalamu 5. Umaitchera ndi chitsulo cha m'mbali chimene chimafinya sipuling'i, ndipo ukawomba, chitsulo chonse chapamwamba, mpope ndi masayiti (zoyang'aniramo polunjika) omwe, chimatsetserekera kumbuyo pang'ono pa tinjanji take, kotero kuti phewa silimva kugunda. Kumapeto kwa mpope kuli sayiti yakutsogolo, kampaipi kafupi kokhala ndi kamphete mkati. Kumbuyo kuli imene amaitcha diopter: kambale kakuda kokhala ndi kabowo ka pafupifupi milimita imodzi pakati, ndi timitu tiwiri topotokola, kena pamwamba kena m'mbali. Diopter imeneyi sanaiwotcherere pamalo amodzi. Imaluma pa kanjanji, ndipo ukamasula sikuluwu yake imatha kupita kutsogolo kapena kubwera kumbuyo.

Pa kanjanjiko, pamene pamathera phazi la diopter, amalume anadonthezapo kyuteksi wofiira wa akazi awo. Kadontho kamodzi, kozungulira bwino. Ankati akaichotsa poipukuta, izibwerera pomwepo.

Atamwalira, ana awo anagwirizana kuti mfuti ipite kwa ine muphwa wawo, poti ndine ndinkakhala nawo kuseri kwa nyumba Lamlungu masana kuwasinthira mapepala. Msinkhu ndinatengera iwo. Ndikaika tsaya pa thabwa la mfuti, kabowo kaja kamangopezeka pamaso panga ngati kamandidikira. Zaka zonsezi sindinakhudzepo sikuluwu ija, ngakhale timitu tija. Panalibe chondikakamiza, komanso mumtima mwangamu kadontho kofiira kaja kanali ngati chala cha amalume chimene chinatsala padziko.

## Mamita 10 kuseri kwa nyumba

Amene anamukopa mwana wanga si ine. Mu Julayi 2024 tinkaonera pafoni masewera a Olympics a ku Paris, ndipo mtsikana wa ku South Korea wa zaka 16, Ban Hyo-jin, anapata mendulo ya golide pa mfuti ya mpweya ya mamita 10. Anafanana mapointi ndi Huang Yuting wa ku China mpaka kumapeto, ndiye anawapatsa peleti limodzi limodzi loti liweruze: 10.4 kwa 10.3. Mwana wanga anabwereza kanemayo mpaka bandulo inatha. Kenako anafunsa, "Adadi, imeneyi si ngati ya agogo ija?"

Mtima wanga unadumpha. Mawa lake ndinatenga chingwe, ndinayeza mamita 10 kuchokera pakhonde la kuseri mpaka pa mpanda wa njerwa, n'kuikapo bokosi lodzaza masanza, lata yokhuthala kumbuyo kwake, kuti peleti lisadutse kapena kunjanja. Chandamale ndinakachita fotokope m'tauni, ndipo ndinaima pompo ndi rula kuyeza, chifukwa makina ena amakuza kapena kuchepetsa chithunzi. Chakuda chapakati chiyenera kukhala mamilimita 30.5. Mzere wakunja kwenikweni, wa pointi imodzi, ndi mamilimita 45.5. Ndipo 10 weniweniyo ndi kadontho ka theka la milimita. Ndinamulozera ndi nsonga ya pensulo. Anaseka, nati, "Nanga munthu amakaona bwanji ali uko?"

Ndinamuuza zimene amalume anandiuza ine, zoti sukaona ndipo usavutike n'kukafunafuna. Chakudacho uchiike pakati pa kamphete, kamphete ndi kampaipi kake pakati pa kabowo, diso lako likhale pa kamphete. Zozungulira zonsezo zikhale ndi mchombo umodzi, basi.

Poti mfuti ndi yolemera, anayamba atakhala pampando, mfuti itatsamira pa kathumba ka mchenga wa ku Likangala pamwamba pa tebulo. Malamulo ndinayamba ndamuuza. Mpope suloza munthu ngakhale mulibe kanthu. Chala sichifika pa tiriga, kachitsulo kokoka powomba, usanakonzeke. Suwomba mopanda peleti. Ukatha usambe m'manja ndi sopo chifukwa mapeleti ndi a mtovu. Zonsezi anamva kamodzi, sindinabwerezenso.

Koma mabowo ake anali balala. Lina pamwamba, lina kumanja kunja kwa mizere, lina pakatoni pamene ndinamatapo pepala. Loweruka loyamba ndinati n'chiyambi. Lachiwiri ndinayamba kusuzumira m'chitini. Chitini cha mapeleti 500 chija anandibweretsera alamu anga kuchokera ku Joni, ndipo a mutu wafulati otere, amene amaboola pepala mosang'amba, si oti ungotsikira kumsika wa Zomba n'kukagula. Peleti lililonse lophonya linkandiluma.

## Zilembo zinayi

Loweruka lachitatu ndi pamene ndinalimba mtima zokhudza timitu tija. Ndimaphunzitsa masamu ku sekondale, ndiye ndinatenga kope kuti kiliki iliyonse imene kamutu kalira pokapotokola ndiilembe, kuti pomaliza ndibweze zonse mmene amalume anasiyira.

Pa kamutu kapamwamba panalembedwa H ndi T. Pa kam'mbali L ndi R. Pambali pake pali kamawu kakang'ono koti "bei", kamene sindinakalabadire n'komwe. Peleti loyamba linagwa kumanzere. Ndinati chabwino, tikufuna lipite kumanja, ndiye tipotokolere ku R. Makiliki asanu. Lachiwiri linagwa pansi. Ndinathamangira kamutu kapamwamba. Lachitatu linapita kumanzere kuposa loyamba. Ndinawonjezera ku R, ulendo uno khumi. Peleti lililonse likagwa, dzanja langa linali kale pa diopter. Pofika 11 koloko tsamba la kope linali litadzaza manambala ndi mivi, ndipo mabowo anali atasamukira kumanzere kunja kwa mizere yonse, ali balala ngati kale.

Ndikanaitenga mfutiyo n'kuwombako kasanu ndekha, ndikanadziwa kuti china chalakwika m'dzanja langa. Koma ndinkaumira mapeleti. M'malo mwake ndinatembenukira mwana.

"Ukugwedezeka. Tiriga sakoka ngati ukutsegula chitseko. Khala bwino."

"Adadi, kabowoka n'kochepa. Sindikuona bwino."

"Kabowo ndi komweko kamene ankaona agogo ako. Ndi komweko kamene ndimaona ine."

Anawombanso awiri. Kenako ananenanso, motsitsa mawu, kuti mkatimo mukuoneka mdima. Ndipamene ndinatchula za achimwene ake. Ndipamene anadzuka, n'kukachotsa pepala pabokosi, n'kuyamba kulipinda.

## Odi kuno

Kuseri kwa mpanda wathu kumakhala bambo wina wachikulire amene anapuma usilikali ku Cobbe Barracks. Dera lonse timangowatcha a Sajeni. Amalima mpiru ndi tomato m'kadimba ka pakhomo, ndipo m'mawa umenewo ankathirira. Mawu anga anawapeza konko. Sanakuwe pamwamba pa mpanda ayi. Anazungulira mpaka kugeti, atanyamula kamtolo ka mpiru, n'kuodira ngati mlendo wina aliyense.

"Mwaswera bwanji aphunzitsi? Ndati amayi aphikeko aka."

Ndinawapatsa mpando pakhonde. Tinalankhula za fumbi, za mphepo ya Ogasiti, za utsi umene unali utayamba kale kufuka kuphiri. Kenako anayang'ana mfuti patebulo, n'kuyang'ana mwana amene anali ataima pakhomo la khitchini. "Mdzukulu, tandionetsa mapepala ako."

Anatulutsa lopindapinda lija. A Sajeni analitambasula pabondo, n'kulisalaza ndi chikhatho. Anapempha ena a masabata am'mbuyo, n'kuwandandalika pansi. Ine ndinawapatsanso kope langa, ndikuganiza kuti aona kuti ndayesetsa. Analiyang'ana nthawi yaitali.

"Aphunzitsi, gulu lili kuti?"

Sindinamve funsolo.

"Mwakhala mukusuntha sayiti. Koma mumasuntha chiyani? Apa palibe gulu. Mbuzi zikabalalika m'thengo simuzula khola n'kumathamanga nalo pambuyo pa imodziimodzi. Mumayamba mwazisonkhanitsa."

Anafotokoza mofatsa, akuyang'ana pansi, kuti timitu tija ntchito yake ndi kunyamula gulu la mabowo limene lasonkhana kale n'kulipititsa pakati. Ngati mabowo asanu agwa malo asanu otalikirana, vuto silili m'timitu. Lili penapake pakati pa munthu ndi mfuti, ndipo munthu ungapotokole mpaka dzuwa kulowa osaphula kanthu. Ndinamva kutentha kumaso, chifukwa zimenezi ndi zimene ndimaphunzitsa ndekha m'kalasi: nambala imodzi sikuuza kanthu, umafuna zingapo kuti upeze pakati pake.

## Tseka maso

Anandiuza kuti nditsegule mfuti aone kuti mulibe peleti. Anasuzumira okha, kenako anati, "Mdzukulu, tabwera. Khala mmene umakhalira."

Mwana anayang'ana kwa ine kaye. Ndinagwedeza mutu, ndipo anakhala.

A Sajeni sanaime kumbuyo kwake kuyang'ana chandamale monga ndinkachitira ine Loweruka lililonse. Anakoka mpando n'kukhala cham'mbali, maso ali pa mwanayo. Anandikodola kuti ndibwere ndiime pamene iwo ali. Ndipo ndinaona chimene chinali pamaso panga masabata atatu. Mwana ankaika tsaya pa thabwa bwinobwino. Kenako, pofuna kupeza kabowo, ankatukula tsayalo n'kusolola khosi kutsogolo ngati fulu, phewa litakwera mpaka kukhutu, msempha wa m'khosi uli nji. Thabwa la mfutiyi linadulidwira munthu wamkulu. Kwa iye ndi lalitali, ndiye mutu wake umagwera kumbuyo, kutali ndi diopter. Ulendo uliwonse ankasolola khosi mosiyana, ndipo pofika nthawi yokoka tiriga thupi lonse linali likunjenjemera ndi kutopa.

"Bwerera," anatero a Sajeni. "Tsopano tseka maso onse awiri. Ika tsaya pamene lafuna lokha, ngati ukugona pa pilo. Usafunefune kanthu. Puma katatu."

Tinangoti chete. Kumsewu kunadutsa njinga ya kabaza ikuliza belu. Phewa la mwana linatsika lokha.

"Tsegula maso, koma mutu usasunthe. Ukuona chiyani?"

"Kabowo kali kutali, agogo. Kuli mdima, ndi kuwala pang'ono pakati."

"Kampaipi kakutsogolo ukukaona?"

"Kadzaza bowo lonse."

A Sajeni analowetsa dzanja pakati pa nsidze ya mwana ndi kambale kaja. Zala zonse zinalowa, malo n'kutsalabe. Ine ndinathamangira rula: masentimita 10. Kenako anati ndikhalepo ine, nditsekenso maso chimodzimodzi. Panga panali masentimita 6. Kabowo ndi komweko ndithu, monga ndinamukalipira muja, koma bowo ukaliyang'anira patali limakuonetsa zochepa. Yesani kusuzumira pa bowo la kiyi muli pafupi, kenako mubwerere m'mbuyo pang'ono. Chipinda chonse chimasanduka kadontho. Ine ndikayang'ana ndimaona kampaipi kakutsogolo katazunguliridwa ndi kuwala mbali zonse, ndipo kuwala kumeneko ndi kumene kumandiuza kuti ndili pakati. Mwana wanga kuwala kumeneko anali asanakuonepo n'kamodzi komwe.

"Muli ndi sikuludilaiva, aphunzitsi?"

Ndinaima osasuntha. Ndinaloza kadontho kofiira kaja. "Pamenepa anaika ndi amalume."

A Sajeni sanayankhe msanga. Anawerama n'kukayang'anitsitsa, ndipo anakakhudza ndi nsonga ya chala mwaulemu.

"Malemu anali a msinkhu wanji?"

"Ngati ine."

"Ndiye anaika pa diso lawo. Kadonthoka kakunena za khosi la malemu. Sikakunena za mdzukuluyu." Anakhala kaye chete, kenako anapitiriza. "Kuntchito tinkalandira anyamata ochokera ku Nsanje mpaka ku Chitipa, ena amtali ena afupi. Chinthu choyamba ndi mutu ukhale pabwino. Mutu sulondola sayiti. Sayitiyo ndi imene ibwere kwa mutu."

Ndinabweretsa sikuludilaiva n'kuwapatsa. Anabweza. "Ndi ya kwanu iyi. Masulani nokha."

Sikuluwu inali itauma. Ndinakatenga mafuta a makina osokera a mayi a ana, ndinadonthezapo, n'kudikira. Nditayesanso inalira kuti tswa, n'kumasuka. Manja anga ankanjenjemera. Diopter itasuntha, pansi pake panaoneka chitsulo chakuda bii, chonyezimira, chimene dzuwa ndi thukuta zinali zisanachikhudze kuyambira masiku a amalume. Pakhosi panga panabwera chinthu, ndinachimeza.

"Mdzukulu, bwereranso pamalo pako. Tseka maso, ika tsaya, tsegula. Adadi ako azibweretsa pang'onopang'ono. Unene ukaona kuwala kutazungulira kampaipi mbali zonse."

Ndinayamba kuikankhira kumbuyo ndi chala chachikulu, milimita ndi milimita.

"Kukuyamba kuyera. Pang'ononso. Pang'ononso, adadi." Kenako mawu ake anakwera. "Apo! Iii, ndikuona bokosi lonse. Ndi njerwa zomwe!"

Ankafuna ibwerebe, koma ndinakumbuka kuti chitsulo chapamwamba chimabwerera kumbuyo mfuti ikalira, ndiye tinasiya mpata woti kambale kasamugunde pa nsidze. Tinayeza: masentimita 6, ofanana ndi anga. Kadontho ka amalume kanatsala kokha kutsogolo, masentimita 4 kuchokera pa phazi la diopter. Ndinamanga sikuluwu, a Sajeni akundichenjeza kuti ndisaikakamize ingadye mano.

Anaonanso kuti mwana amafinya diso lamanzere mwamphamvu mpaka tsaya lonse kukwinyika. Anapempha chivundikiro cha pulasitiki cha kontena ya majarini, anadulapo kachidutswa ndi sizasi, n'kukapanikiza pambali pa diopter kuti kaphimbe diso limenelo lili chitsegulire.

"Tsopano asanu. Palibe wopita kukaona pepala, palibe wokhudza timitu, mpaka onse atathe."

Anawomba. Ine ndinayang'ana khosi lake, osati bokosi. Silinasunthe.

Titapita kukaona, onse asanu anali kumanzere ndi pansi, kunja kwa chakuda, kutali ndi 10. Koma a Sajeni anatola chitsekerero cha botolo la Fanta chimene chinali pansi, n'kuchiika pamwamba pa mabowo. Chinakwirira onse asanu.

"Gulu ndi limeneli, aphunzitsi."

Mwana wanga anagwira pakamwa ndi manja onse awiri.

## Kulibweretsa pakati

Amati mlendo amadza ndi kalumo kakuthwa. Kalumo ka a Sajeni kanali kasanathe. Chijeremani sachidziwa, ndipo zilembo zija sanazikhulupirire. Lamulo lawo linali limodzi: sayiti yakumbuyo imapita kumene ukufuna chipolopolo chipite, pamene yakutsogolo imachita motsutsa. Ndiye anaika kachizindikiro ka pensulo, nati ndipotokolere ku R makiliki ambiri iwo akuyang'ana kambale. Kanayenda kulowera kumanzere. M'mawa wonse uja, pamene ndinkati ndikukokera mapeleti kumanja, ndinkawakankhira kumanzere.

Madzulo ake ndinafufuza kamawu kaja. Pa masayiti ambiri a ku Germany, zilembozo sizinena kumene peleti lipite. Zimanena kumene lagwa. "Bei" pamenepa akutanthauza kuti "likagwa cha uku". H ndi hoch, pamwamba. T ndi tief, pansi. L ndi links, R ndi rechts. Gulu likagwa kumanzere umapotokolera ku L, likagwa pansi ku T. Amene muli ndi mfuti ya mtunduwu, musadalire zilembo zokha, yang'anani ndi maso kumene kambale kakuyenda.

Tinayeza pakati pa gulu ndi rula, tinapotokola, anawombanso asanu, tinayezanso. Tinaona kuti ukasintha mbali yopotokolera, makiliki oyambirira sasuntha kanthu, chifukwa mano a mkati anadyeka ndi zaka. Ndiye tinkapitirira pang'ono n'kubwerera, kuti nthawi zonse tizimalizira mbali imodzi. Pa ulendo wachinayi gulu linakhala m'chakuda. Mapeleti 20 okha, pamene ine m'mawa ndinali nditamwaza oposa pamenepo.

Masamu ake ndinawachita usiku. Kuchokera pa kabowo mpaka pa kamphete ndi pafupifupi masentimita 80. Chandamale chili pa mamita 10. Mukagawa mupeza 12.5. Ndiye kuti sayiti yakumbuyo ikasuntha milimita imodzi yokha m'mbali, peleti limasuntha mamilimita 12.5 papepala, pafupifupi mizere isanu. N'chifukwa chake ukamasula diopter n'kuimanganso, ngakhale pamalo omwewo, uyenera kuwomba asanu oyesera usanakhulupirire kanthu.

## Usiku umenewo

Magetsi anali atazima. Kuphiri moto wa tchire unali utalemba mzere wofiira chakumunsi kwa Ku Chawe. Mwana ankatsuka mbale pakhonde ndi tochi ya foni. Ndinakhala pa sitepe pafupi naye nthawi yaitali ndisanapeze poyambira. Kwathu kuno bambo kupepesa kwa mwana si chinthu chimene tinakula tikuchiona.

"Unandiuza kawiri kuti sukuona. Ine sindinamve. Ndipo za achimwene ako zija ndinalakwa. Pepa, mwanawe."

Anapitiriza kutsuka mbale imodzimodziyo. Kenako anati, "Ndimaganiza kuti maso anga ndi oipa, adadi. Ndimaopa kukuuzani kuti mwina mufunika kugula magalasi."

Mawu amenewa ndi amene sanandichokebe. Masabata atatu mwana anasenza mlandu wa chitsulo chimene chinangofunika kusuntha masentimita 4, ndipo anali atayamba kale kuwerengera ndalama za m'thumba mwanga.

Sukulu zitatsegulira mu Seputembala, mnyamata wina wa Fomu 3 amene amakhala kumbuyo pakona anandiuza kuti sakuona pabolodi. Pakamwa panga panali patafika kale yankho limene ndakhala ndikupereka zaka zambiri, loti anzake onse akuona. Ndinalibweza. Ndinapita kukakhala pa desiki yake, n'kuwerama kufika pa msinkhu wake. Kuwala kwa pawindo kunkagwera pabolodi, ndipo theka la zimene ndinalemba silinkaoneka n'komwe.

## Madontho awiri

Pa kanjanji ka mfuti tsopano pali madontho awiri. Kofiira ka amalume kali pomwe kanali, sindinakafufute. Kumbuyo kwake kuli ka buluu, kyuteksi wa mayi ake, kamene mwana anadontheza yekha atatulutsa lilime pambali. Ndikafuna kuwomba ine ndimabweza diopter pa kofiira, n'kuwomba asanu oyesera. Ndikatha ndimaibwezera pa ka buluu. Sikuluwu ija tsopano imamasuka mosavuta.

A Sajeni amabwera Loweruka lina lililonse, nthawi zina ndi tomato, nthawi zina chimanjamanja. Chandamale sachiyang'ana mpaka pomaliza. Amakoka mpando wawo n'kukhala cham'mbali.

Chaka chino mwana wayamba kuwomba ataimirira, kathumba ka mchenga takachotsa. Munthu akaima mutu umakhala mosiyana ndi atakhala pampando, komanso watalikako. Loweruka lapitali anatseka maso, anaika tsaya, anatsegula, n'kunena kuti kambale kayandikira kwambiri. Sanandifunse. Anatsegula mfuti, anaonetsetsa kuti mulibe peleti, anatenga sikuludilaiva patebulo, n'kukankhira diopter kutsogolo pafupifupi sentimita imodzi, kulowera ku kadontho ka agogo ake. Ndinamufunsa ngati ndikatenge kyuteksi tiike kachitatu. Anati tidikire kaye mpaka Khirisimasi, aone ngati khosi lasiya kukula.